Timu yanu igula kapena ayi? Mmene mungawerengere nokha msika wa osewera usanatseke

Ligi ya ku England ikangotha mu Meyi, nyumba zoonetsera mpira pa Kasungu boma, pa Santhe ndi pa Nkhamenya zimakhala zii, koma mkangano sutha. Umangosamukira pa WhatsApp ndi pa siteji ya akabaza. Tsiku lililonse pamabwera dzina latsopano: uyu akupita ku Old Trafford, uyo wagwirizana kale ndi Arsenal, winayo Chelsea yamulanda. Vuto ndi lakuti anthu amakanganirana funso lolakwika. Amafunsana kuti mwini timu ali ndi ndalama zingati. Funso limeneli linali ndi ntchito mu 2003 pamene Roman Abramovich ankagula Chelsea. Lero Newcastle United ili m'manja mwa PIF, thumba la chuma cha boma la Saudi Arabia, kuyambira Okutobala 2021, koma kumapeto kwa Juni 2024 inali kalikiliki kugulitsa anyamata awiri amene sinkafuna kuwataya, Elliot Anderson ndi Yankuba Minteh, poopa kulandidwa mapointi.

Chimene chimamanga timu ndi mpata umene watsala m'mabuku ake a ndalama. Mpata umenewu mukhoza kuuwerengera nokha ndi kope, cholembera ndi foni. Simupeza nambala yeniyeni ngati akauntanti wa timuyo, koma mufika pafupi mokwanira kuti mudziwe mphekesera yoyenera kuimvera ndi yoyenera kuiseka.

Dziwani kaye lamulo limene likuimanga timuyo

Malamulo alipo angapo, ndipo timu imodzi ikhoza kumangidwa ndi awiri nthawi imodzi.

La Premier League mpaka sizoni ya 2025/26 ndi lija aliyense amangoti PSR. Limaona ndalama zimene timu yaluza pa zaka zitatu zotsatizana, ndipo malire ake ndi £105 miliyoni. Pa ndalama imeneyi, £15 miliyoni yokha ndiyo timu imaloledwa kuluza payokha. £90 miliyoni inayo mwini timu ayenera kutsimikizira kuti aikwirira ndi ndalama za m'thumba mwake, osati kuibwereka timuyo ngati ngongole wamba. Timu yongokwera kumene kuchokera ku Championship, ligi yachiwiri ya ku England, malire ake amatsika, chifukwa chaka chimene inali kunsi chimawerengedwa £13 miliyoni m'malo mwa £35 miliyoni. Nottingham Forest inali ndi zaka ziwiri za kunsi ndi chimodzi cha pamwamba, ndiye malire ake anali £61 miliyoni basi. Inapitirira ndi £34.5 miliyoni, ndipo mu Malichi 2024 inalandidwa mapointi 4. Everton sizoni yomweyo inalandidwa 10 mu Novembala 2023, anatsika kufika pa 6 itachita apilo, kenaka mu Epulo 2024 inalandidwanso 2 pa mlandu wa chaka china.

Musangotenga nambala ya kuluza imene nyuzipepala yalemba n'kuyerekeza ndi £105 miliyoni. PSR imalola timu kuchotsapo ndalama zimene yaika ku akademi, ku timu ya amayi, ku ntchito zothandiza anthu a m'dera, ndi kutha kwa mtengo wa bwalo ndi malo ochitira masewera olimbitsa thupi. Manchester United inaluza £113.2 miliyoni mu 2023/24 mokha, koma sinaimbidwe mlandu, chifukwa zochotsera zoterezi zinali zambiri.

La UEFA limagwira timu yokhayo imene ikusewera Champions League, Europa League kapena Conference League. Lili ndi mbali ziwiri. Ina imafanana ndi PSR koma ndi yothina, pafupifupi €60 miliyoni pa zaka zitatu. Inayo, imene ndiyo ili ndi mano pa nkhani yogula osewera, imati ndalama zosungira gulu la osewera zisapitirire 70 peresenti ya ndalama zimene timu imapeza. Anayamba ndi 90, kenaka 80, ndipo 70 inayamba mu 2025. Mu Julayi 2025 UEFA inalipiritsa Chelsea €31 miliyoni ndi Aston Villa €11 miliyoni, ngakhale matimu onsewa anali atadutsa bwinobwino pa PSR kwawo.

Mu Novembala 2025 matimu a Premier League anavota kuti kuyambira sizoni ya 2026/27 PSR ichoke, m'malo mwake mubwere lamulo lofanana ndi la UEFA koma malire ake akhale 85 peresenti. Ndiye kuyambira pamenepo lembani nambala imodzi pamwamba pa kope lanu: 70 ngati timu yanu ikupita ku Europe, 85 ngati sikupita. Kawerengedwe ka mtengo wa wosewera ndi malipiro ake kamene tikufotokoza pansipa sikasintha, kaya lamulo ndi lakale kapena latsopano.

Kumene mungapeze manambala

Timu iliyonse ya ku England ndi kampani, ndipo imapereka mabuku ake ku Companies House, kumene aliyense amawawerenga ulere pa intaneti. Manchester United, pokhala ili pa msika wa masheya ku New York, imatulutsa ake miyezi itatu iliyonse. Mabukuwa ndi aatali ndipo amadya bandulo, ndiye musawerenge onse. Fufuzani mizere inayi yokha: ndalama zonse zolowa, malipiro a antchito, amortisation (mtengo wogulira osewera wogawidwa ndi zaka za kontrakiti), ndi phindu la kugulitsa osewera.

Zinthu ziwiri muzikumbukire. Mabuku amachedwa, ndiye amene mukuwerenga mu Juni ndi a sizoni ya dzana, osati imene yangothayi. Muyenera kuwonjezapo nokha osewera amene anabwera ndi kuchotsa amene anapita. Chachiwiri, mzere wa malipiro umaphatikiza aliyense, ndi wotchetcha kapinga yemwe, pamene lamulo la peresenti limawerenga osewera ndi kochi wamkulu basi. Nambala ya m'buku ndi yokulirapo kuposa imene UEFA imagwiritsa ntchito.

Mtengo wa wosewera ugaweni ndi zaka za kontrakiti

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene masapota ambiri amasochera. Timu ikagula wosewera pa £60 miliyoni, mabuku salemba kuti chaka chimenecho yawononga £60 miliyoni. Amagawa ndalamayo ndi zaka za kontrakiti. Ngati wasaina zaka zisanu, chaka chilichonse mabuku amalemba £12 miliyoni. Kugawa kumeneku ndiko amortisation.

Taganizani za mlimi amene wagulitsa fodya ku Chinkhoma n'kugula njinga yamoto ya kabaza pa K3 miliyoni, poganiza kuti imugwirira ntchito zaka zisanu. Chaka chilichonse njingayo ikudya K600,000 pa mtengo wake. Zikatha zaka ziwiri, mtengo wotsala ndi K1.8 miliyoni. Akaigulitsa K2 miliyoni, anzake anena kuti waluza, poti anagula pa 3. Koma iye wapindula K200,000, chifukwa zaka ziwiri zija anaigwiritsa kale ntchito. Mabuku a timu amamuona wosewera chimodzimodzi.

Chelsea inaona msanga kuti kontrakiti ikatalika, mtolo wa pachaka umapepuka. Mu Januwale 2023 inagula Enzo Fernández ku Benfica pa £106.8 miliyoni n'kumusainitsa zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Gawani muone: ndi pafupifupi £12.6 miliyoni pachaka. Ikanakhala ya zaka zisanu, bwenzi ili £21.4 miliyoni. Mykhailo Mudryk anasainanso kontrakiti yaitali yomweyo mwezi womwewo. UEFA inatseka khomo limeneli kuyambira Julayi 2023, ndipo Premier League inatsatira mu Disembala chaka chomwecho. Wosewera akhoza kusainabe zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, palibe woletsa, koma inu pogawa musapitirire 5.

Ndalama ya ejenti imene timu yalipira pogula wosewerayo iphatikizeni ku mtengo musanagawe. Ndalama zowonjezera zimene zimadalira zinthu zam'tsogolo, monga kuwina ligi kapena kusewera magemu akutiakuti, zisiyeni kaye pambali. Liverpool inagula Florian Wirtz mu 2025 pa £100 miliyoni, ndi £16 miliyoni ina yodalira zoterezi. Mutu wa nkhani umalemba 116, inu mugawe 100.

Wosewera akawonjezera kontrakiti, mtengo wake wotsala umagawidwanso pa zaka zatsopanozo. Amene watsala ndi £20 miliyoni ndi zaka ziwiri akudya £10 miliyoni pachaka. Akasaina kuti zikhale zinayi, akudya 5. Mukaona timu yothinidwa ikusainitsa kontrakiti yatsopano munthu amene sakuchita bwino kwenikweni, nthawi zina chifukwa chake ndi chimenechi.

Malipiro ndiwo amapha

Anthu amaloweza mtengo wogulira koma amaiwala malipiro, pamene kwa osewera ambiri akuluakulu malipiro amafanana kapena kuposa amortisation. Ku England malipiro amatchulidwa a pamlungu. Chulukitsani ndi 52. Wolandira £200,000 pamlungu ndi £10.4 miliyoni pachaka. Pamwamba pake timu imalipira boma msonkho wa olemba anthu ntchito, umene unakwera kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti mu Epulo 2025, ndiye onjezanipo. Munthu uja wafika pafupifupi £12 miliyoni, mabonasi asanawerengedwe.

N'chifukwa chake wosewera wobwera ulere sakhala waulere. Kontrakiti yake ikatha kwina, timu yatsopano silipira timu yakale, koma iyeyo ndi ejenti wake amafuna ndalama yosainira komanso malipiro okwera, podziwa kuti timuyo yapulumutsa. Wazaka 31 waulere wolandira £300,000 pamlungu amadya mpata waukulu kuposa mnyamata wa £40 miliyoni wolandira £80,000. Woyambayo ndi pafupifupi £18 miliyoni pachaka, wachiwiriyo ndi 8 kuphatikiza pafupifupi 5, kukwana 13. Ndipo mnyamatayo mudzamugulitsanso.

Yang'anani amene akutuluka musanayang'ane amene akulowa

Kugula kumagawidwa pa zaka, koma pa PSR phindu la kugulitsa limalembedwa lonse tsiku lomwelo. Kusiyana kumeneku ndiko kwayendetsa msika wa ku England zaka zapitazi.

Phindu limapezeka pochotsa mtengo wotsala m'mabuku pa mtengo wogulitsira. Newcastle inagula Alexander Isak ku Real Sociedad mu Ogasiti 2022 pa ndalama pafupifupi £63 miliyoni, kontrakiti ya zaka zisanu ndi chimodzi. Pachaka ndi £10.5 miliyoni. Zitatha zaka zitatu, m'mabuku anali atatsala pafupifupi £31.5 miliyoni. Liverpool itamugula pa £125 miliyoni pa 1 Seputembala 2025, phindu linali cha m'ma £90 miliyoni, zochotsera zina zisanachoke.

Mbali inayo ndi Antony. Manchester United inamugula ku Ajax mu 2022 pa ndalama pafupifupi £82 miliyoni, zaka zisanu. Zitatha zitatu anali atatsala cha m'ma £33 miliyoni. Real Betis inamutenga mu 2025 pa ndalama yosafika €25 miliyoni yotsimikizika. Mwa masamu omwewa, mabuku analuza kuposa £10 miliyoni. Masapota akamakuwa kuti "mungomugulitsa ameneyo" saona zimenezi: wosewera wogulidwa modula amene walephera ndiye wovuta kumuchotsa, chifukwa kumugulitsa motchipa kumaboola mabuku chaka chomwecho. Ndiye matimu amangomubwereketsa kwina chaka ndi chaka, kudikira kuti mtengo wotsala utsike. Komabe pa Antony kugulitsako kunali kwanzeru, chifukwa kunachotsa £16 miliyoni ya amortisation pachaka pamodzi ndi malipiro ake.

Mwana wokulira mu akademi sanagulidwe, ndiye m'mabuku mtengo wake ndi ziro. Ndalama yonse yomugulitsira ndi phindu. Mason Mount kupita ku Manchester United mu 2023 pa £55 miliyoni, Conor Gallagher kupita ku Atlético Madrid mu 2024, Scott McTominay kupita ku Napoli chaka chomwecho, Elliot Anderson kupita ku Forest pa £35 miliyoni: onsewa nkhani yake ndi imodzi. Kwa ife ili ndilo bala lalikulu la lamuloli. Linapangidwa kuti matimu asawononge ndalama mosasamala, koma lapangitsa kuti mwana wapakhomo, amene masapota amamukonda, akhale woyamba kuikidwa pa msika. Koma kaya mulikonde kaya ayi, powerengera chitani izi: lembani mayina a ana a akademi amene ali mu timu yoyamba ndipo matimu ena angawagule. Amenewo ndiwo nkhokwe ya timu yanu.

Liverpool ya 2025 imaonetsa zonsezi pamodzi. Anthu anadabwa kuti yawononga bwanji ndalama zoposa £400 miliyoni osagwidwa. Chaka cha 2024 inali itagula pang'ono kwambiri, Federico Chiesa ndi goloboyi Giorgi Mamardashvili basi. Inawina ligi, inali mu Champions League, kenaka inagulitsa Luis Díaz ku Bayern Munich, Darwin Núñez ku Al-Hilal, ndi Jarell Quansah, mwana wa akademi, ku Bayer Leverkusen. Gawani 400 ndi 5, mupeza 80 pachaka. Phindu la ogulitsidwawo linakwirira gawo lalikulu la chaka choyamba. Zaka zinayi zotsatirazo 80 uja adzabwerabe, ndipo ndi pamene pamafunika kugulitsanso kapena kuwonjezera ndalama zolowa.

Pa lamulo la UEFA phindu la kugulitsa silithandiza mwamphamvu choncho, chifukwa amatenga la zaka zitatu n'kupeza la pakatikati. Kugulitsa kamodzi kwakukulu kumalowa pang'onopang'ono.

Tsiku lotseka mabuku

Matimu ambiri amatseka chaka chawo cha ndalama pa 30 Juni. Ena, monga Arsenal ndi Liverpool, amatseka pa 31 Meyi. Fufuzani la timu yanu, chifukwa kugulitsa kwa pa 30 Juni ndi kwa pa 1 Julayi kumagwera m'zaka ziwiri zosiyana.

Forest inagwa pomwepa. Inali ndi Brennan Johnson, mwana wa akademi, ndipo kumugulitsa Juni 2023 asanathe kukanaipulumutsa. Inadikira kuti mtengo ukwere, n'kumugulitsa ku Tottenham pa £47.5 miliyoni pa 1 Seputembala. Pa malonda inachita bwino. Pa lamulo inachedwa ndi miyezi iwiri, ndipo oweruza sanamve zimenezo.

Ndiye mlungu womaliza wa Juni muziuyang'anitsitsa. Timu ikamagulitsa mwaphuma masiku amenewo, ikutseka dzenje la chaka chakale, ndipo ndalamayo musaiwerengere ngati yogulira wina. Timu yothinidwa nthawi zambiri imalengeza osewera atsopano Julayi atalowa, mabuku atsopano atatsegulidwa. Mu Juni 2024 tinaonanso matimu akugulitsana ana a akademi okhaokha: Aston Villa inatumiza Omari Kellyman ku Chelsea pa £19 miliyoni n'kutenga Ian Maatsen, inatumizanso Tim Iroegbunam ku Everton n'kutenga Lewis Dobbin. Aliyense analemba phindu lonse nthawi yomweyo, mtengo wogulira n'kuugawa pa zaka za kontrakiti. Kusinthana kotereku kukaoneka, dziwani kuti matimu onse awiri ali pa mpanipani.

UEFA yokha imawerenga peresenti yake kuyambira Januwale mpaka Disembala. Wosewera wobwera mu Julayi chaka choyamba amadya theka lokha la mtolo wake, ndipo mtolo wonse umaoneka chaka chotsatira.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Manambala awa ndi ongoyerekeza, kuti muone njira yake. Timu ikusewera Europa League, ndiye malire ndi 70 peresenti. Ndalama zolowa ndi £400 miliyoni. Phindu la kugulitsa osewera, la pakatikati pa zaka zitatu, ndi £40 miliyoni. Pamodzi 440. Chulukitsani ndi 0.7, mupeza £308 miliyoni. Amenewa ndiwo malire.

Tsopano zimene ikuwononga kale: malipiro a osewera ndi kochi 210, amortisation 85, maejenti 5. Pamodzi 300. Mpata ndi £8 miliyoni yokha.

Mphekesera ikuti akufuna sitiraika wa £60 miliyoni, zaka zisanu, £150,000 pamlungu, ejenti £5 miliyoni. Mtengo ndi ejenti ndi 65, kugawa ndi 5 ndi 13. Malipiro ndi 7.8, ndi msonkho ndi pafupifupi 9. Mtolo wa pachaka ndi 22. Pa mpata wa 8 sakwana, ngakhale mwini timu atakhala ndi chitsime cha mafuta.

Koma onani otuluka. Difenda wachikulire wolandira £180,000 pamlungu kontrakiti yake ikutha; pamenepo pamasuka pafupifupi 10.8. Wapakati wina watsala ndi £12 miliyoni m'mabuku ndi zaka ziwiri, amalandira £100,000 pamlungu, ndipo timu ina ikumufuna pa £30 miliyoni. Akapita, amortisation ya 6 ndi malipiro a 6 zachoka, ndiye 12. Phindu lake ndi 18. Ligaweni patatu ndi 6, ndipo 70 peresenti ya 6 ndi 4.2 imene yakweza malire. Phatikizani 8, 10.8, 12 ndi 4.2, mpata wafika 35. Sitiraika uja walowa, ndipo patsala 13, yokwana wosewera mmodzi wa mtengo wapakati. Mukamva kuti timu yoteroyo ikufunanso winga wa £80 miliyoni, yankho mwalidziwa kale, pokhapokha pakhale winanso wotuluka amene simunamuwerengere.

Zimene zimasokoneza masamu

Ndalama zolowa sizikhala malo amodzi. Champions League yatsopano imene inayamba mu 2024/25 imapatsa timu iliyonse mwa 36 ija €18.62 miliyoni pongolowa, ndi €2.1 miliyoni pa gemu iliyonse yowina mu gawo loyamba, osawerengera matikiti a magemu apakhomo. Manchester United itagonja 1-0 kwa Tottenham mu fainolo ya Europa League ku Bilbao mu Meyi 2025, sinangotaya chikho. Inataya sizoni yonse ya ndalama za ku Europe. Ngati timu yanu inali mu Champions League chaka cha mabuku amene mukuwerenga koma tsopano mulibe, tsitsani nambala yolowa kwambiri musanayambe. Malo amene timu yathera mu ligi amasinthanso zinthu, poti sitepe iliyonse pa tebulo ndi ndalama zoposa £2.5 miliyoni.

Kuchotsa kochi kumadya mpata wa wosewera. United inalipira £10.4 miliyoni pochotsa Erik ten Hag ndi omuthandiza mu 2024, kenaka inalipiranso Sporting kuti imasule Ruben Amorim. Timu imene yasintha kochi pakati pa sizoni ichotsereni ndalama imeneyi.

Mwini timu sangangothira ndalama kudzera ku kampani yake ina n'kunena kuti ndi siponsa. Kuyambira Disembala 2021, patangopita miyezi iwiri Newcastle itagulidwa, Premier League imaunika mgwirizano uliwonse wa pachibale kuti uone ngati mtengo wake ndi wa pamsika. Chelsea inapeza njira ina, kugulitsa mahotela awiri a pa Stamford Bridge ku kampani ya eni ake omwe pa £76.5 miliyoni, kenakanso timu ya amayi. PSR inalola, UEFA inakana kuwerengera. Mukaona phindu lodabwitsa m'mabuku, fufuzani kuti lachokera kuti. Lochokera ku malonda oterewa lichotseni powerengera za UEFA.

Kubwereka wosewera ndi cholinga chodzamugula chaka chamawa ndi chizindikiro cha mpata wochepa. Arsenal inatenga David Raya ku Brentford mu 2023 pongolipira £3 miliyoni ya kubwereka, ndipo £27 miliyoni yogulira inadzalipidwa mu Julayi 2024.

Mabuku ndi ndalama ya m'manja ndi zinthu ziwiri. Matimu amalipirana pang'onopang'ono, mwina pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo zimenezi sizisintha amortisation ngakhale pang'ono. Koma timu ikhoza kukhala ndi mpata pa lamulo n'kusowa ndalama yeniyeni yolipira, chifukwa ikubwezabe za osewera amene inagula kale. Jim Ratcliffe, mmodzi mwa eni ake a Manchester United, anadandaula poyera mu Malichi 2025 kuti United ikulipirabe ndalama za osewera monga Antony, Casemiro ndi Jadon Sancho. M'mabuku fufuzani ndalama zimene timu ili nazo ngongole ku matimu ena. Pa chifukwa chomwechi, mtengo womasulira wosewera umene umalembedwa mu kontrakiti ku Spain ndi wovuta, poti umafunika kulipidwa wonse kamodzi. Arsenal inalolera kupatsa Real Sociedad ndalama yoposa €60 miliyoni imene inali mu kontrakiti ya Martín Zubimendi mu 2025, kuti iloledwe kulipira pang'onopang'ono.

Otsatira Barcelona musagwiritse ntchito masamu a ku England okha. La Liga imaika malire a malipiro a timu iliyonse sizoni isanayambe, ndipo wosewera amene sakukwana mu malirewo salembetsedwa, ngakhale atagulidwa kale n'kujambulitsa atavala jezi. Lionel Messi anachoka mu Ogasiti 2021 pa chifukwa chimenechi, ndipo Dani Olmo anavutikira kulembetsedwa mu Januwale 2025. Kumeneko funso ndi lakuti alembetsedwa kapena ayi.

Pa mtengo uliwonse wa wosewera wochoka dziko lina kupita lina, FIFA imalamula kuti 5 peresenti igawidwe ku matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23, ndipo nthawi zambiri timu yakale imakhalanso ndi gawo lake limene inagwirizana pomugulitsa. Ndiye phindu limene mwawerengera litsitseni pang'ono. Lamulo lomweli likukhudza oyendetsa matimu a achinyamata kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji: mwana amene mukumuphunzitsa akadzagulitsidwa kunja, gawo lanu limatsatira zolembedwa za kumene analembetsedwa chaka ndi chaka. Amene sanalembetsedwe kudzera ku FAM, timu yake ilibe poyambira kufunsa.

Chomaliza kuona ndi malo mu gulu. Premier League imalola mayina 25, ndipo osakulira ku England kapena ku Wales asapitirire 17; osakwana zaka 21 salowa mu chiwerengerochi. Werengani alendo amene timu yanu ili nawo kale. Akakwana 17, mlendo wina wamkulu sangalowe mpaka mmodzi atuluke, ngakhale mabuku atakhala ndi mpata wa £50 miliyoni.